DAVID CLEMENT SCOTT, MMISIRI WOSAPHUNZIRA UMISIRI

Pamene tisonkhana m'nyumba ya Mulungu ya pa Blantyre, kuyenera kuti tikumbukire munthu amene anaimanga. Ambiri a ife tinabatizidwa m'menemo, koma owerengeka okha adziwa kuti mmisiri wace sanaphunzire za mamangidwe, ndi kuti pa moyo wace analandira matonzo ocuruka koposa mayamiko.

David Clement Scott anabadwa ku Scotland caka ca 1853, naphunzira za ubusa ku Edinburgh. Anafika kuno caka ca 1881, Misyoni iri ndi zaka zisanu zokha, ndipo anaipeza iri m'manyazi akuru. Ena mwa amene anatsogolako anadziyesa oweruza a dziko, nakwapula anthu mwankhanza, kufikira Eklesia wa ku Scotland anawacotsa. Cotero Scott analowa m'munda umene anzace anauononga, ndipo a kwao sanayembekeze zambiri.

Poyamba anachera khutu ku cinenero ca anthu. Anakhala pansi ndi akuruakuru, namva milandu, miyambi ndi nthano, nalemba zimene anamva. Caka ca 1892 anaturutsa buku lalikuru la mau a Cimang'anja, limene silimasulira mau okha, komanso lifotokoza miyambo ya eni ace. Masiku amenewo Azungu ambiri anayesa cinenero cathu cinthu cacabe. Iye anaciyesa cokwanira kunyamula Mau a Mulungu.

Caka ca 1888 anayamba kumanga nyumba ya Mulungu. Analibe cithunzi ca nyumba yonse colembedwa pa pepala. Anali ndi dothi la pompano ndi anthu a m'midzi yathu, amene sanamangepo nyumba yotere ndi kale lonse. Anasema zikombole za mitengo, naumba njerwa za mitundu 81, naziocha. Pofuna kumanga cigawo covuta, anayamba kusanja njerwa zouma popanda matope, kuti aone ngati zidzakhala bwino. Zikakana, anapasula nayesanso. Momwemo mphunzitsi ndi ophunzira anaphunzira pamodzi, kufikira nyumbayo inaperekedwa kwa Mulungu pa 10 May 1891. Iripo kufikira lero, ndi nsanja zace ziwiri, ndipo dzina lace ndi St Michael and All Angels.

Koma nchito imene inamutengera adani ambiri inali kumanga anthu. Iye anakhulupira kuti Eklesia wa m'dziko lino ayenera kutsogozedwa ndi ana a dziko lino, ndi kuti akuda ndi oyera apembedze m'nyumba imodzi, nadye pa gome limodzi la Ambuye. Caka ca 1894 anapatula anyamata asanu ndi awiri akhale madikoni, nawapatsa mphamvu ya kuweruza milandu ya mu Eklesia. Mwa iwo munali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku, ndi Harry Kambwiri Matecheta. Azungu a minda anaipidwa nazo. A Boma nawonso anakwiya, pakuti nyuzi ya Misyoni inatsutsa kulanda malo ndi nkhondo zocitira mafumu. Ngakhale anzace ena a mu Misyoni anamnenera kwao kuti amwaza ndalama, ndi kuti mapembedzedwe ace sali a Cipresbiteriyo.

Pakati pa zimenezi mkazi wace anamwalira caka ca 1895. Caka ca 1897 a ku Scotland anatuma anthu kudzafunsa mlandu wace; ndipo ngakhale zazikuru zomneneza sizinatsimikizike, thupi lace linali litafoka, nacoka kuno caka ca 1898. Sanabwerenso kudzakhala pakati pathu. Caka ca 1901 anapita ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, natumikira komweko kufikira imfa yace caka ca 1907.

Zipatso zinaoneka mwini atagona. Caka ca 1911 Harry Matecheta anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha, ndiwo abusa oyamba a mtundu wathu pa Misyoni ino. Caka ca 1929 Alexander Hetherwick anakonzanso buku lija la mau, nalisindikizanso kuti lithandize mbadwo wina.

Tsono, abale, makamaka inu aphunzitsi ndi alaliki a kumidzi, amene muphunzitsa ana khumi pansi pa mtengo popanda wokuonani, lingalirani za munthu uyu. Sitinena kuti anali wopanda cirema. Anali wouma mutu nthawi zina, ndipo ndalama sizinakhalitse m'manja mwace. Koma akadalindira kuti anthu ayambe abvomereza, njerwa zija zikadakhala dothi kufikira lero. Amene ali ndi sukulu yoti ayambe, kapena munda woti atsegule, kapena nyimbo yoti apeke m'cinenero cathu, ayese nchitoyo pamaso pa Mulungu monga Scott anayesera njerwa zouma. Ndipo ikakhala yoongoka, aike matope, namange.