Mayi Elizabeth Fry ndi Akaidi a ku Newgate

Ana inu, kodi mudamvapo za Mayi Elizabeth Fry? Anabadwira ku Norwich, m'dziko la England, mu 1780, ndipo anali wa mpingo wa Quaker. Mu 1813 analowa m'ndende ya Newgate ku London, napeza akazi atathithikana, akugona pansi pamodzi ndi ana ao. Taganizani, ana onga inu nomwe! Anawatengera zobvala.

Koma anaona kuti mkaidi wotuluka osadziwa ntchito iriyonse adzabanso chifukwa cha njala. Chotero mu 1817 anasonkhanitsa amayi anzake, nayamba kuwerengera akaidiwo Buku Lopatulika ndi kuwaphunzitsa kusoka ndi kuluka. Anawo anawatsegulira sukulu m'ndende momwemo. Ngakhale akazi otumizidwa ku Australia pa sitima anawapatsa singano, ulusi ndi nsalu, kuti azisoka pa ulendo. Anamwalira mu 1845.