MAI KÄTHE KOLLWITZ, MMISIRI WOKUMBUKIRA OPHEDWA

Mtundu uliwonse umene udakhetsa mwazi pofuna chilungamo uli ndi njira yake yokumbukira anthu ake ophedwa. Ena amapeka nyimbo, ena amaimika zipilala. Ku Germany, Mai Käthe Kollwitz adagwira ntchito imeneyi ndi zithunzi zojambula pamanja.

Maiwa adabadwa m'chaka cha 1867 mu mzinda wa Königsberg. Mu 1891 adakwatiwa ndi dokotala Karl Kollwitz, amene ankachiza amphawi a mu Berlin. Pakhomo pawo pomwepo ndi pamene adaonera njala ndi matenda zikusautsa anthu apantchito.

Ntchito imene idayamba kuwatchukitsa idali zithunzi 6 zokumbukira amisiri oluka nsalu a ku Silesia, amene adaukira mabwana awo mu 1844, ena mwa iwo naphedwa ndi asilikali. Zithunzizo zitaonetsedwa mu 1898, oweruza adafuna kupatsa Mai Kollwitz mendulo, koma Mfumu Wilhelm II idakana.

Pa 15 January 1919, asilikali adapha Karl Liebknecht, mmodzi wa atsogoleri a anthu apantchito amene adaukira boma mu Berlin. Abale a malemuyo adapempha Mai Kollwitz kuti akajambule mtembo wake. Iwo sadali a chipani chake, komabe adapita. Chithunzi chimene adasema pa thabwa ndi kutsiriza mu 1920 chili ndi phunziro lalikulu. Wakufayo wagona pansi penipeni, ndipo malo ambiri adawapereka kwa olira maliro: amuna a manja olimba ndi ntchito atazyolika, ndi mai atanyamula mwana wake.

Chisoni chotere Mai Kollwitz ankachidziwa bwino, pakuti mwana wawo Peter adafera ku nkhondo ku Belgium mu 1914. Pomukumbukira adapanga zifanizo ziwiri za makolo ogwada, zimene lero zili pa manda a Vladslo.

Boma la Hitler lidawachotsa m'bungwe la amisiri a luso mu 1933, kenaka lidachotsa ntchito zawo m'nyumba zoonetseramo. Adamwalira pa 22 April 1945, nkhondo ili pafupi kutha.

Aphunzitsi athu ayenera kulingalira moyo umenewu. Nchapafupi kusandutsa wophedwa kukhala dzina longofuula pa msonkhano. Mai Kollwitz adaonetsa kuti imfa ya ngwazi imayezedwa ndi misozi ya amene atsala, ndipo chikumbutso choona sichiwaiwala amenewo.