Dotolo Robert Laws ndi Nyumba Yake ya Miyala pa Khondowe

Robert Laws anabadwa ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, pa 28 May 1851. Atate wake anali mmisiri wa matabwa, munthu wosalemera koma woopa Mulungu, ndipo mwanayo anaphunzira ntchito yomweyo, napala matabwa usana, nawerenga mabuku usiku. Pakumva mbiri ya maulendo a Dotolo Livingstone, mtima wake unakhumba kudza kuno. Chotero anaphunzira zaubusa ndi zamankhwala pamodzi, natumikiranso odwala nthomba mu mzinda wa Glasgow.

M'chaka cha 1875 Eklesia wa Free Church of Scotland anatuma anthu kudzayamba Mishoni pa Nyanja, mtsogoleri wao ndiye E. D. Young, ndipo Laws anali mbusa ndi sing'anga wa ulendowo. Anadza ndi sitima yaing'ono, dzina lake Ilala. Pofika pa mathithi a Shire anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana anasenza zitsulozo pamutu kufikira kumtunda kwa mathithi, kumene anailumikizanso. Pa 12 October 1875 Ilala analowa m'Nyanja, ndipo anamanga Mishoni pa Cape Maclear, m'dziko la Mponda.

Zaka zoyambazo zinali za misozi. Malungo anatenga anzake mmodzimmodzi, mwa iwo Dotolo William Black mu 1877, ndipo manda ao alipo kufikira lero. Zinapita zaka zisanu ndi miyezi yake asanabatize munthu. Pa 27 March 1881 anabatiza Albert Namalambe, ndiye chipatso choyamba cha Livingstonia. Mlaliki amene walalikira chaka chathunthu pamudzi, osaona munthu wolowa m'kalasi, akumbukire zaka zimenezo.

Chaka chomwecho Mishoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, amene anakhala ndi mantha a nkhondo ya Angoni. Laws anakwera kumapiri kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa, koma amene anatsegula khomo ndiye William Koyi, mlaliki wochokera ku Lovedale, wodziwa chinenero cha Angoni, amene anakhala pa Njuyu namwalira mu 1886. Masiku omwewo Laws anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja. Mu 1888 analandira pa Bandawe Mbusa A. C. Murray wa Eklesia wa Dutch Reformed, amene anakayamba Mishoni ya Mvera mu 1889 pamodzi ndi Mbusa T. C. B. Vlok.

Mu 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe, malo ozizira openya Nyanja, nayamba sukulu yaikulu yotchedwa Overtoun Institution. Cholinga chake chinali chakuti Eklesia wa dziko lino aime ndi miyendo yake, akhale ndi aphunzitsi, alaliki ndi abusa ake, ndiponso amisiri a matabwa, omanga nyumba, osindikiza mabuku ndi othandiza m'chipatala. Anatsikitsa madzi a m'mapiri ndi mipopi, nasema msewu wa Gorodi wokhotakhota kuchokera kunyanja, ndipo mu 1905 nyali za magetsi zinayaka pa Mishoni ndi mphamvu ya madzi.

Koma wolemba mbiri ya munthu asabise pamene munthuyo anapunthwa. Dotolo Laws anali wosamalitsa kopambana, ndipo iye ndi anzake anachedwa kudzoza abusa a dziko lino. Charles Domingo, amene anakulira m'nyumba mwake natsiriza maphunziro aubusa, anadikira zaka zambiri osadzozedwa, mpaka anatopa nachoka. Kudzoza koyamba kunachitika mu 1914, pamene anaika manja pa Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Akulu a Mpingo alingalire chimenechi, pakuti kuyesa munthu nkofunika, koma kumyesa kosalekeza kumtayitsa mtima.

Mu 1908 anamsankha akhale Mtsogoleri wa Msonkhano Waukulu wa United Free Church ku Scotland, ndipo pambuyo pake anakhala m'Bwalo la Malamulo la Nyasaland. Chimene anachilakalaka koposa chinachitika mu 1924, pamene Mapresbiterio a Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kukhala Eklesia mmodzi, Church of Central Africa Presbyterian, iye nakhala Mtsogoleri woyamba wa Sinodi. A ku Nkhoma analowa mu 1926.

M'banja mwake munali zisoni zimene sanazinene kawirikawiri. Anakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879, koma mwa ana ao onse mmodzi yekha anakula, ndiye Amelia. Mai Laws anamwalira mu 1921. Mu 1927, zitatha zaka 52, nkhalambayo inatsazika nibwerera kwao. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, ndipo anamuika ku Aberdeen.

Nyumba imene anakhalamo zaka zake zotsiriza pa Khondowe iri chiimire. Inamangidwa ndi miyala mu 1903, ndipo anthu aitcha Stone House. Tsopano musungidwa zinthu zakale za Mishoni, kuti obwera m'mbuyo aone ndi maso ao: zithunzi za amishoni ndi Akristu oyamba, makalata, mabuku, ndi zipangizo zaudotolo za masiku aja. Pabwalo pake pali chikumbutso china. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, Boma linafuna kuchotsa Azungu a pa Mishoni poopa kuti adzaphedwa, ndipo ndege inaponya kalata yofunsa yankho lao. Iwo ndi Akristu anzao a dziko lino anapangana kusalekana, nayala pansi zilembo zazikulu zoyera zoloza ku Aefeso 2:14, kuti a m'ndege awerenge.

Inu amene mudzapeza mwai wakukwera phirilo, tengani ana anu ndi a m'kalasi mwanu, muwaonetse nyumbayo. Powauza za Dotolo Laws muwauzenso za Koyi, Namalambe ndi Domingo, ndi za anthu aja osadziwika maina amene anasenza Ilala pamutu, pakuti ntchitoyi inali ya onsewo pamodzi.