Dotolo Laws, mwana wa kalipentala amene analowetsa sowo m'sukulu

Ku Lundazi ndi ku Chasefu dzina la Robert Laws limamveka kwambiri m'chalichi, makamaka pakati pa a CCAP. Amamukumbukira ngati m'busa ndiponso dotolo. Ine lero ndifuna ndikambe za manja ake, cifukwa munthuyu asanagwire Baibo kapena mpeni wa opaleshoni anayamba wagwira sowo. Ndipo m'masiku ano pamene mashopu a ku Lusaka ndi ku Chipata ayamba kutiuza kuti mipando yawo ndi yosaononga cilengedwe, mbiri yake ili ndi kanthu kotithandiza pogula.

Laws anabadwa pa 28 May 1851 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Atate ake anali mmisiri wopanga makabati ndi mipando, ndipo mnyamatayo anaphunzira nchito yomweyo. Masana anali kupala matabwa, madzulo n'kupita kukalasi. Mwa njira imeneyi anafika ku yunivesiti ya Aberdeen, naphunzira za ubusa ndi za udotolo, ndipo mu 1875, ali ndi zaka 24, ananyamuka ndi gulu la amishoni a Livingstonia lotsogozedwa ndi E. D. Young.

Gululo linabwera ndi sitima yaing'ono, Ilala. Pa mathithi a mtsinje wa Shire anaimasula zidutswa-zidutswa, anthu mazanamazana anaisenza pamutu, n'kukaimanganso kumtunda. Inalowa m'nyanja ya Malawi mu October 1875. Anayamba kukhala ku Cape Maclear, koma malungo anawapha kwambiri, motero mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Nakonso manda anaculuka. Laws ndi mkazi wake Margaret Gray anaika ana awo m'manda, ndipo amene anakula ndi mmodzi cabe, Amelia. Mu 1894 anakwera phiri kukakhazikika ku Khondowe, kumene lero timati ku Livingstonia.

Kumeneko n'kumene mwana wa kalipentala uja anaonekera bwino. Sukulu imene anatsegula, Overtoun Institution, siinali ya aphunzitsi ndi alaliki okha. Munali ukalipentala, kumanga ndi njerwa ndi miyala, kusindikiza mabuku, za makina, za telegalafu ndi ulimi. Wofuna luso anali kulembetsa zaka zingapo pansi pa mmisiri, monga mmene Laws mwini anaphunzirira kwao. Zitseko, mawindo, madesiki ndi mabenchi a pamishoni zinali kucokera m'manja mwa anyamata amenewa. Pofika 1905 paphiripo panali madzi a m'mipope ndi magetsi ocokera ku mphamvu ya madzi, matauni ambiri a m'cigawo cino akali kuunikira nyali. Nyumba yake ya miyala, Stone House, ikalipo mpaka lero ndipo muli myuziyamu.

Ukalipentala wa mtundu umene Laws anakuliramo umadalira zinthu ziwiri zimene ife ogula a m'tauni tinaleka kufunsa. Coyamba thabwa liyenera kuuma. Thabwa laliwisi limakhala ndi madzi ambiri, ndipo likayamba kuuma lili kale mu tebulo limapindika, kung'aluka, molumikiza n'kumasuka. Mmisiri weniweni amasanja matabwa pamthunzi, kuika timitengo pakati kuti mphepo izipita, n'kudikira miyezi. Caciwiri ndi kalumikizidwe. Mwendo wa mpando amauboola, thabwa linalo amalisema mutu wolowa ndendende m'bowolo, n'kuthira guluu kapena kukhomerapo kacikhomo ka mtengo. Mpando wotere ukayamba kugwedezeka umamasulidwa n'kumangidwanso. Wokhoma ndi misomali cabe, misomali ikacita dzimbiri, basi wathera pomwepo.

Manje taonani zimene tigula ife. Kabati yonyezimira ya utuci wopanikiza ndi guluu, ikangoponda madzi tsiku limodzi la mvula imafufuma ngati buledi, ndipo palibe kalipentala angaikonze. Mipando ya pulasitiki, dzuwa la October likaiwamba zaka ziwiri, imathyoka miyendo pamaliro anthu akuona, n'kukathera m'ngalande. Kaili ndi yochipa, timatero. Koma munthu amene wagula kabati katatu m'zaka khumi walipira kuposa amene anagula imodzi ya mukwa kwa kalipentala wa pamsika, ndipo waonjeza zinyalala zitatu.

Sindikuti Laws anali munthu wa zacilengedwe monga tikambira lero. Mau amenewo kunalibe, ndipo mbiri yake ili ndi mbali zowawa. Ndalama zambiri zomangira sukuluyo zinacokera kwa Lord Overtoun, mwini fakitale ya mankhwala a chrome ku Shawfield pafupi ndi Glasgow. Mu 1899 Keir Hardie anaulula mmene anchito a kumeneko anali kuvutikira, kugwira maola ambiri pa malipiro ocepa, mankhwala akuwadya khungu ndi mphuno. Zinyalala za fakitaleyo zakhala zikuvutitsa nthaka ndi madzi a dera limenelo kwa zaka zoposa 100. Sukulu ya ku Khondowe inalipiridwa ndi utsi wa kwina. Ndikaona cikwangwani ca mipando yosaononga cilengedwe pa shopu, ndimakumbuka nkhani imeneyi, n'kufunsa kuti thabwalo lacokera m'nkhalango iti ndipo wadula ndani.

Laws analinso wouma mtima pa ulamuliro. Anacedwa kudzoza anthu akuda. Abusa oyamba anadzozedwa mu 1914, mishoni itatha zaka pafupifupi 40, ndipo Charles Domingo, amene anakulira m'nyumba mwake, anatopa kudikira n'kucoka. Amishoni anzake anali kudandaula kuti sukulu ya paphiri ikudya ndalama zoyenera kupita kumidzi, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anakana maganizo ake oikulitsa kuti ikhale koleji yaikulu. Vuto lina linali lakuti amisiri ophunzira bwino aja anasowa owagula kwao. Ambiri anatsika phiri n'kupita kukagwira nchito ku Southern Rhodesia, ku Joni ndi ku migodi ya kuno. Mmodzi mwa ophunzira a sukuluyo, Clements Kadalie, anakatsogolera bungwe lalikulu la anchito ku South Africa. Wina, David Kaunda, anatumidwa ku Chinsali, ndipo mwana wake tonse timudziwa.

Kwathu kuno mishoniyo inafika kudzera m'malire a ku Mzimba, ndipo Chasefu inakhala siteshoni yake m'zaka za m'ma 1920. Sinodi ya CCAP ya Zambia, imene inakhazikitsidwa mu 1984, mizu yake ili m'dera lino. Mukalowa m'machalichi akale, gwadani pang'ono muyang'ane pansi pa benchi mmene miyendo inalowera. Ine ndimacita zimenezi ndikapita kukatola nkhani, ndipo anthu amaganiza kuti ndataya ndalama.

Dandaulo la amisiri a Laws ndi lomwe ndimamva kwa akalipentala a pa boma lero: luso lilipo, wogula ndiye afuna cochipa ndiponso ca mawa lomwe. Ndiye naye kalipentala amagula thabwa laliwisi locekedwa dzulo, kupaka vanishi, n'kupereka. Mitengo yolimba ngati mukwa imatenga zaka makumi ambiri kuti ikule, ndipo tinaona mmene mukula unathera pa malole mpaka boma kuletsa malonda ake mu 2017, kenaka mu 2019 n'kuikidwa pa mndandanda wa CITES. Amene afuna kukongoletsa nyumba mosapha nkhalango angayambe ndi kupereka mpando wakale wa agogo kuti ukonzedwe, kugula wogwirapo kale nchito, kapena kuitanitsa wa paini wa m'minda ya mitengo yocita kubzala. Mphasa ya bango, mipando ya nsungwi ndi madengu a mlaza zimacokera ku zomera zimene zimaphukanso zikadulidwa bwino, ndipo ndalama yake imatsala kwa woluka wa ku Mwase kapena ku Lumezi. Poitanitsa tebulo, funsani kuti thabwa lauma miyezi ingati, ndipo vomerani kudikira.

Laws anacoka ku Livingstonia mu 1927, atagwira nchito zaka 52. Anasiya Cipangano Catsopano cimene anamasulira m'Cinyanja ca ku nyanja ndi dikishonale ya Cingelezi ndi Cinyanja ya mu 1894. Anamwalira ku London mu August 1934, ndipo anakaikidwa kwao ku Aberdeen.