Tisawaiwale aGomile Kumtumanji

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzi yanu kuti ndikumbutse anzanga a kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa za malemu aGomile Kumtumanji. Ana a lero akamva dzinali amangoganiza za mfumu yaikulu ya dera lina m'boma lathu lino la Zomba, osadziwa kuti panalinso nduna ya boma yotchedwa choncho.

Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, bambowa anali phungu wa kuno ku Zomba, komwenso kunali Nyumba ya Malamulo. M'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho nduna zinayambana ndi aKamuzu Banda. AChiume, aOrton Chirwa ndi aBwanausi anachotsedwa, aChipembere ndi ena anatula pansi udindo. AKumtumanji anasankha kukhala kumbuyo kwa aKamuzu, ndipo anakwera: anakhala nduna komanso wapampando wa chipani cha Kongeresi m'chigawo chonse cha Kummwera. Sindikunena kuti anali mngelo ayi. Masiku amenewo wapampando wa chigawo ankaopedwa, ndipo ine ndili mnyamata ndinkaona makolo athu akutsitsa mawu pomutchula.

Mu 1968, chaka chomwe Chilwa inaphwa ife n'kusowa matemba, ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre kunayamba kuphedwa anthu usiku m'nyumba zawo. Pofika 1970 ophedwa anali pafupifupi 30. Mphekesera inawanda yoti boma likutumiza magazi ku South Africa pobweza ngongole. Boma linachita manyazi, ndipo linafuna woti asenze mlanduwo. Anausenza ndi aKumtumanji: anawachotsa pa mipando yonse n'kuwatsekera.

Abusa ndi akulu a mpingo, apa ndi pomwe pandiwawa. Munthu amene khothi linamupeza wolakwa pa imfa zija ndi Walla Laini Kawisa, yemwe anagwidwa mu 1970 n'kugamulidwa kuti anyongedwe. Koma aKumtumanji sanatuluke. Anakhala m'ndende zaka pafupifupi 20 mpaka anamwalirira momwemo mu 1990, kutangotsala zaka ziwiri kuti maepiskopi a Katolika atulutse kalata yawo ija ya 1992.

Nthawi imeneyo tinkaopa ngakhale kufunsa. Pano mantha anatha, ndiye ndikupempha achikulire omwe anawadziwa bwino bambowa, a ku Jali, ku Govala ndi kwina konse, atilembere m'nyuzi muno zomwe akukumbuka, zokoma ndi zowawa zomwe, ife tisanathe.

Wowerenga wanu,
Kachulu, Zomba.