Martin Rinkart, Mbusa Amene Ankathokoza Pakati pa Maliro

Martin Rinkart anabadwa mu 1586 m'tauni ya Eilenburg ku Germany, ndipo bambo ake anali mmisiri wopanga migolo. Ataphunzira ku Leipzig, anabwerera kwawo mu 1617 kukatumikira ngati mbusa wa mpingo wa Lutheran. Chaka chotsatira kunabuka nkhondo yomwe inatenga zaka 30. Othawa nkhondo anadzadza m'tauniyo, ndipo njala ndi mliri zinalowa nawo limodzi.

Mu 1637 mliri unafika posauzana. Abusa anzake atamwalira, wina atathawa, Rinkart anatsala yekha. Masiku ena ankatsogolera maliro oposa 40, ndipo chaka chimenecho anaika m'manda anthu oposa 4,000, kuphatikizapo mkazi wake.

M'zaka za nkhondozo analemba kapemphero kothokoza konena pa chakudya. Johann Crüger anakapekera maimbidwe, ndipo mpaka lero mipingo yambiri imakaimba. Pemphero lotere limanenedwa tsiku lililonse, kaya m'mbale muli zambiri kapena zochepa.

Akatswiri a zamaganizo aona phindu la chizolowezi chimenechi. Mu 2003, Robert Emmons ndi Michael McCullough anapeza kuti ophunzira amene ankalemba zinthu zoyamikira sabata iliyonse anali ndi chiyembekezo chochuluka kuposa anzawo amene ankalemba zowasautsa. Makina ojambula ubongo aonetsanso kuti munthu akamayamikira, mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza kuwongolera maganizo, imagwira ntchito kwambiri.

Rinkart anatumikirabe ku Eilenburg mpaka pamene anamwalira pa 8 Disembala 1649, patangopita chaka chimodzi nkhondo itatha.