Mbiri ya Malemu Gary Kildall, Katswiri wa Makompyuta

Masiku ano munthu akayatsa kompyuta amaona zithunzi zokongola, ndipo amangoloza cimene akufuna. Kale sizinali tero. Galasi lake linali kukhala lakuda bii, ndipo pakona pankaoneka cilembo A ndi kacizindikiro > basi. Pamenepo makinawo anali kudikira kuti mwini wake alembe lamulo. Munthu amene anafalitsa njira imeneyi pa makompyuta ang'ono ndiye malemu Gary Kildall a ku Amereka.

A Kildall anabadwa pa 19 May, 1942, mumzinda wa Seattle, m'banja limene linali ndi sukulu yophunzitsa oyendetsa zombo. Anaphunzira pa yunivesite ya Washington, ndipo mu 1972 analandira digiri ya udokotala pa za makompyuta. Pambuyo pake anali mphunzitsi pa sukulu ya asilikali a m'madzi ku Monterey, m'boma la California.

Mu 1974, ali ku Pacific Grove, anamaliza pulogalamu yochedwa CP/M. Nchito yake inali yonga ya kapitao pa munda waukulu, amene amalandira mau a mwini munda ndi kugawira anchito zocita. Munthu anali kulowetsa cimbale cofewa m'kompyuta ndi kuiyatsa. Makinawo anali kuwerenga mizere yoyamba ya cimbaleco, kukweza CP/M, kenaka n'kuonetsa cilembo A, kutanthauza kuti akonzeka kugwira nchito ndi cimbale coyamba. Munthu akalemba DIR, maina a zonse zosungidwa m'cimbalemo anali kuonekera.

Bvuto la nthawi imeneyo linali lakuti kampani iliyonse inali kupanga makina osiyana ndi a inzake. A Kildall anapatula kagawo kakang'ono kolankhula ndi zitsulo za makina, nakacha BIOS. Wopanga makina atsopano anali kungosintha kagawo kameneka, zotsala zonse n'kukhala cimodzimodzi. Motero CP/M inafalikira pa mitundu yambiri ya makompyuta, ndipo kampani ya Digital Research, imene anayambitsa pamodzi ndi akazi ao a Dorothy, inakula.

Zinthu zinatembenuka mu 1980, pamene kampani yaikulu ya IBM inafuna pulogalamu yotere ya kompyuta yake yatsopano. Nthumwi zake zinapita ku Digital Research, koma mbali ziwirizi sizinamvane pa mapangano. IBM inabwerera kwa a Bill Gates a kampani ya Microsoft. Iwowa anagula pulogalamu ina yochedwa 86-DOS, imene inapangidwa motsanzira kagwiridwe ka CP/M, naipereka kwa IBM. Kompyutayo inaturuka mu 1981 ndi pulogalamu imeneyi pa dzina lakuti PC DOS, pa mtengo wa madola 40. Pamene ya a Kildall inafika pa msika womwewo, mtengo wake unali madola 240. Ogula anasankha yochipa, ndipo CP/M inayamba kuiwalika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

A Kildall sanataye mtima. Anapitiriza kupanga mapulogalamu ena, ndiponso kuyambira mu 1983 anathandiza kuulutsa pulogalamu ya pa wailesi ya kanema yochedwa Computer Chronicles, yophunzitsa anthu wamba za makinawa. Mu 1991 anagulitsa kampani yao kwa Novell. Anamwalira pa 11 July, 1994, ku Monterey, atabvulala m'mutu. Anali ndi zaka 52.

Cuma ndi kuchuka kwakukulu zinapita kwa ena, koma nchito yao sinafafanizike. Mwambo wochula zimbale ndi zilembo unalowa mu DOS kucokera ku CP/M, ndipo ndico cifukwa cake makompyuta a Windows ali ndi cilembo C kufikira lero. Mu 2014 bungwe la akatswiri la IEEE linaika cikwangwani ca cikumbutso ku Pacific Grove, kumene CP/M inabadwira.